Kompyuta yodula yobwera yomangiratu? Kuno ku Salima ine ndikukana

Achinyamata ambiri ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno mtima uli pa makompyuta aja obwera atamangidwa kale, monga Alienware ya Dell, HP Omen kapena ASUS ROG. Ndi makina amphamvu, zimenezo sindikutsutsa. Koma ndalama yapamwamba yomwe mumawonjezera pogula makina otere sikupindulirani kanthu kuno kwathu.

Taonani zomwe zili m'katimo. Purosesa ya Intel kapena AMD, graphics card ya Nvidia, RAM ndi SSD, zonsezi mungathe kugula chimodzichimodzi n'kupatsa katswiri ku Lilongwe kuti akulumikizireni. Yowonjezerayo mukulipirira dzina, bokosi lowala mitundumitundu, ndi waranti. Tsono pa warantipo ndi pomwe pagona nkhani. Ambiri timaitanitsa makinawa ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndipo akafa, wokonza mwaulereyo ali komweko. Muwatumiza bwanji? Nanga mwini ukwati wa ku Senga Bay amene akudikira vidiyo yake mumuuza chiyani miyezi yonseyo?

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti mitundu yambiri ya Dell ndi HP imabwera ndi motherboard (bolodi lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kompyutamo) zopangidwira bokosi lakelo basi. Power supply ikapsa, simungangolowa mu shopu n'kutola ina iliyonse. Ndipo kuno zimapsadi. Magetsi amathima, pobwera n'kubwera ndi ukali. Onjezanipo kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala, ndi fumbi lomwe limatseka mafani. Makina atatenthedwa amadzichepetsa okha liwiro, kaya munawagula ndalama zingati.

Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi madola chimaluma m'thumba. Anzanga, ndalama yovutikira chonchi musaithere pa dzina. Mangitsani ndi zipangizo wamba zoti chimodzi chikafa musintha chomwecho. Yotsalayo gulani UPS yabwino (batire yoyendetsa kompyuta kwa kanthawi magetsi akathima), surge protector (chotetezera makina magetsi akabwera ndi ukali), ndi hard drive ina yosungirapo ntchito za makasitomala.

Ndikadakhala ofesi yogula kwa wogulitsa wovomerezeka wa m'dziko momwemuno, woti makina akavuta ndimuimbira foni n'kubwera, ndikadalipira mosanyinyirika. Koma mnyamata wa situdiyo ya chipinda chimodzi pa Kamuzu Road alibe womuimbira.