Kudwala ku Dundalk ndi kudwala ku Newry sizofanana ayi

Abale amene mukuganiza zobwera kuno ku Ireland kapena ku UK kudzagwira ntchito, nkhani ya chipatala muzifunsa musanagule tikiti. Kuchoka ku Dundalk ku Ireland kukafika ku Newry ku Northern Ireland, yomwe ndi mbali ya UK, pa galimoto sipakwana ndi ola lomwe, pa bodala palibe ndi geti, koma mukadwala zinthu zake zimasiyana kwambiri.

Mbali ya UK amakudulani poyambirira. Pofunsira viza ya ntchito mumalipira ndalama ya zachipatala yotchedwa Immigration Health Surcharge, kuyambira February 2024 ndi £1,035 pachaka munthu wamkulu mmodzi, kale inali £624, ndiye viza ya zaka 3 ndi £3,105 kamodzin'kamodzi musanaone ndi salale yoyamba yomwe, mukatenga banja aliyense yakenso. Zimawawa ndithu. Koma mukangolowa basi muli mu NHS, zipatala za boma za ku UK, kwa GP (dokotala woyamba kumuona ukadwala) simutulutsa kanthu, ndipo ku Northern Ireland mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere pomwe ku England amalipiritsa £9.90. Amene ali pa viza ya Health and Care Worker surcharge imeneyi salipira n'komwe.

Ku Ireland kuno kulibe zimenezo, poyamba umachita kusangalala. Vuto limayamba tsiku lodwala. Kukaonana ndi GP ndi ndalama, penapake €60, kwina kuposa apo, ku emergency popanda kalata ya GP ndi €100. Medical card, khadi la boma lothandizidwira ulere kwa GP ndi kuchipatala, ilipo inde koma amayang'ana zomwe umalandira, ambiri ogwira full time imatidutsa. Zolipira pogona m'chipatala cha boma anachotsa mu 2023, pamenepo tithokoze, komanso mankhwala banja sililipira kupitirira €80 pamwezi mukalembetsa Drugs Payment Scheme. Inshuwalansi ya VHI, Laya kapena Irish Life Health makampani ena amalipirira antchito awo, koma ife ma carer, osamalira odwala ndi okalamba, nthawi zambiri zimakhala za m'thumba mwako.

Ine pa ziwirizi bola ya UK ngakhale imalemera poyamba, kudikira pa mzere kulipo konsekonse. Chomwe chimandipweteka kuno n'choti munthu chifuwa milungu itatu akungomwa paracetamol chifukwa €60 ija waiwerengera kale fizi ya mwana kumudzi kapena feteleza wa amayi, kuchipatala amakafika zitavuta kale. Mnzanga wina BP yake inadziwika atagwa kuntchito, chonsecho mutu unamupweteka miyezi iwiri osapita kukapimitsa.