Magetsi a masana si a usiku, abale anga a kuno ku chigwa

Lero ndinene, wokwiya akwiye. Dzulo cha m'ma 7 koloko madzulo, ndikuchokera ku Nchalo kulowera ku Ngabu, ndinangotsala pang'ono kukwera pamsana pa Sienta. Kumbuyo kwake kunali bii, nyali yofiira ngakhale imodzi osayaka. Ndinaizindikira ili pamphuno panga, matayala akulira kale pa tala. Poidutsa, ha! Kutsogolo kwake kuli mbee, timizere ta LED tazungulira bampa yonse, toyera mpaka kuthobwa m'maso. Adalaivala ali phee, chigongono pawindo, anthu atapanikizana mkatimo, wina wanyamula mwana pamiyendo.

Achimwene, timagetsi mwamata pabampato ndi ta masana. Ta masana! Ntchito yake ndi yoti ena akuoneni dzuwa likadalipo, si yoti inu muone msewu. Dzuwa likalowa tatha ntchito. Yatsani magetsi enieni, akumbuyo nawo ayake.

Sindikudana ndi timagetsito ayi. Ku Sweden lamulo loyatsa magetsi masana linayamba 1977, chifukwa kumeneko nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ku Ulaya kuyambira 2011 galimoto zamtundu watsopano zimatuluka nato kufakitale. Ngakhale kuno timathandiza, makamaka mu Okutobala tala akamachita nthunzi ndi kutentha, galimoto yotuwa n'kufanana ndi msewu, kapena pa makona a Thabwa mitambo ikatsika. Koma za kufakitalezo, ukayatsa magetsi akuluakulu timagetsito timazima kapena kuchepa mphamvu tokha. Galimoto zanu zakalezi bwanji? Makaniko wapansi pa mtengo amangokoka waya kuchokera ku kiyi, kumanga ndi tepi wakuda, basi mwalipira. Mukaliza injini tayaka, ndipo sitizima mpaka mutazimitsa. Nyali zakumbuyo sizikudziwa kanthu, zikudikira switchi yomwe simunaigwire.

Ndiye mdima ukagwa mukuona kuyera patsogolo panu, mtima m'malo, mukuti ndayatsa. Simunayatse! Mwayatsa nkhope, msana mwausiya mumdima. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ena inu sikuiwala, ndi dala. Babu linapsa kalekale, m'malo mogula lina mwagula zokongoletsa. Mukuti ndalama yavuta, inde yavuta tonse, koma ya timizere munaipeza kuti? Timizereto sitiponya kuwala patali, timangomwaza. Ng'ombe yagona pakati pa msewu ku Bangula muiona nato? Mayi wosenza mtolo wa nkhuni m'mphepete mwa tala muwaona nato? Wakabaza wopanda nyali? M1 wathu uno usiku ndi wa aliyense: ng'ombe, mbuzi, ngolo, njinga, mathirakita okoka nzimbe, ana ochokera ku chigayo. Inu mukulowamo ndi magetsi okongoletsera.

Ndipo wobwera kumbuyo kwanu mwamuganizira? Lole yodzaza simenti yotsika kuchokera ku Blantyre siima ngati njinga. Dalaivala wake akuyang'ana nyali ziwiri zofiira, sakuziona, akuti msewu uli pululu. Akadzakuphwanyani, mawa mudzamva anthu akuti ngozi, zinalembedwa. Zinalembedwa ndi ndani? Ndi dzanja lanu lomwe lakana kupotoza switchi.

Mukafuna kuikitsa timagetsito, ikitsani bwino. Muuzeni makaniko aike fyuzi, aike rile yoti timagetsito tizizima mukayatsa akuluakulu, waya adutse kutali ndi injini. Kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumadutsa madigiri 40, tepi wakuda uja amasungunuka n'kumatuka yekha, waya n'kukhudza chitsulo. Wopanda fyuzi ameneyo ndi moto mwauika nokha m'boneti. Mtundu wake ukhale woyera, osati wabuluu kapena wofiira, kapenanso wophethira. Galimoto ikubwera kutsogolo ikuonetsa zofiira, ine ndidziwa bwanji kuti ikubwera kapena ikupita?

Akatha kulumikiza musangoima kutsogolo n'kumamwetulira, kujambula zoika pa WhatsApp. Dikirani kude, zungulirani kumbuyo, muone ngati zofiira zikuyaka. Mtumeni kondakitala aponde buleki inu mukuyang'ana.

Inunso okwera, pakamwa panu pali chiyani? Mwalipira ndalama yanu, mwakhala mpando wakumbuyo weniweni, msana wanu ndi umene uyambe kulandira lole ija, koma muli duu. Funsani! "Adalaivala, mwayatsa akumbuyo?" Sangakutsitseni chifukwa cha funso limenelo, ndipo akakutsitsani wakupulumutsani.

Za anyamata a njinga zamoto ndiye musandiyambitse. Wamanga chinyali cha LED pamwamba pa chiwongolero, chaloza kumwamba, chopanda dimu. Ukakumana naye pa mlatho wa Kamuzu umangoponda buleki n'kuima, maso ali gwaa, osaona ngakhale chitsulo cha m'mbali mwa mlatho. Kumuthwanimira kuti achepetse, iye ndiye akuwonjezera hutala.