Mlongo wanga sakuthawa dziko, akuthawa labotale yakufa

Ndakhala chete masiku atatu, koma mtima wakana. Loweruka tinasonkhana pabanja kudzatsanzikana ndi mlongo wanga wamng'ono amene akupita ku Netherlands kukagwira ntchito ya kafukufuku. PhD yake ndi ya tizilombo toyambitsa matenda tomwe tinasiya kumva mankhwala. Tili mkati mocheza, amalume anaimirira, n'kukhosomola, n'kunena pamaso pa aliyense kuti, "Iwe mwana, dziko lakuphunzitsa ndi misonkho ya amphawi, lero ukukatumikira azungu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mlongo wanga anangozolika, manja ali pamaondo, n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Amalume, ndayesetsa." Mawu awiri okha basi.

Amalume ndimawalemekeza, ndiwo anatilera bambo atatisiya, ndipo pagulu si poyankhira akulu. Koma zimene ananenazo ndazimva pakamwa pa anthu ambiri, pa wailesi, m'misonkhano, kwa akuluakulu ovala masuti, ndipo zanditopetsa. Zandikwiyitsa ndithu.

Mwana ameneyu anabwerera kuno. Ndikubwereza, ANABWERERA. Atamaliza maphunziro ake kunja anapatsidwa mwayi wotsala komweko, iye anakana. Anafika ndi sutikesi imodzi ya zovala, ina yodzaza ndi mabuku ndi timachubu ta mu labotale tomwe anagula ndi ndalama zake. Chaka choyamba chonse anakhala pakhomo kudikira kalata ya ntchito. Kalata itabwera anamupatsa makalasi a ophunzira mazana, opanda womuthandiza kuchonga mayeso, ndiye kafukufuku ankapanga usiku ndi Loweruka. Sanadandaule. Zaka ziwiri anayenda m'zipatala kutolera masampo, kulemba nambala pa kachubu kalikonse ndi dzanja lake, n'kumasunga mu firiji yozizira kufika madigiri -80. Tsiku lina Lachisanu madzulo magetsi anazima, jenereta inalibe dizilo, ndipo woyenera kusainira dizilo anali atachoka. Lolemba m'mawa anandiimbira foni akulira ngati pamaliro. Ndinapita. Ndinaona madzi akuchucha pansi pa firiji, timabokosi tanyowa, inki ya manambala ake itasungunuka. Ntchito ya zaka ziwiri inathera mu ndowa yokolopera.

Anapukuta misozi n'kuyambiranso. Anaitanitsa mankhwala oyezera kuchokera kunja, mankhwalawo anakhala miyezi yambiri akudikira mapepala, pofika m'manja mwake n'kuti atatha mphamvu. Makina oyezera majini omwe abwenzi akunja anapereka ali m'khonde mpaka lero, ovundikiridwa ndi pulasitiki, chifukwa kachipangizo kamodzi kanawonongeka ndipo palibe bajeti yoitanira wokonza. Ndiye inu mukubwera kudzamuuza kuti sakonda dziko lake? Pakati pa iye ndi amene analephera kusainira dizilo, wosakonda dziko ndi ndani?

Wasayansi sathawa dziko. Amathawa benchi ya mu labotale yopanda kanthu. Amathawa firiji yomwe imafa Lachisanu. Amathawa kuona zomwe anaphunzira zaka khumi zikuchita dzimbiri m'mutu mwake anzake amene anaphunzira nawo limodzi akusindikiza zotsatira chaka ndi chaka. Inde, malipiro nawo ndi ochepa, ndale zapantchito zilipo, zonsezo tikuzidziwa. Koma mlongo wanga sanandidandaulirepo za malipiro ngakhale kamodzi. Chimene chinamupha mtima ndi kulephera kugwira ntchito imene amaidziwa.

Tsopano akuti njira yake ndi bondi. Aliyense wopita kukaphunzira kunja asaine kuti adzabwerera kudzatumikira zaka zakutizakuti, akapanda kutero abweze ndalama. Chabwino, mumangeni. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, nanga mukaimangirira pathanthwe idya chiyani? Idzangoyang'ana chingwe, kudikira tsiku loti chiduke. Bondi imabweza thupi la munthu, siibweza kafukufuku. Mudzakhala ndi dokotala wa sayansi atakhala muofesi kuwerenga masiku pa kalendala, ndipo tsiku lomaliza likakwana pasipoti ili kale m'thumba. Mwamusunga zaka zitatu, mwapindula chiyani?

Nkhaniyi siyachilendo ayi, ndipo si ya dziko limodzi. Wasayansi Abdus Salam, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1979, atamaliza maphunziro ku Cambridge anabwerera kwawo ku Pakistan mu 1951 kukaphunzitsa ku Lahore. Mu 1954 anachokanso. Kodi nayenso ankadana ndi kwawo? Munthuyu anadzipeza ali yekhayekha, wopanda mnzake wokambirana naye za ntchito yake, wopanda mabuku atsopano. Zinamupweteka moyo wake wonse, mpaka mu 1964 anakhazikitsa malo a kafukufuku wa sayansi otchedwa ICTP ku Trieste, dziko la Italy, n'cholinga choti asayansi a m'mayiko osauka azipitako kwa miyezi ingapo kukakumana ndi anzawo, kenako n'kubwerera kwawo kukapitiriza ntchito. Munthu amene anachoka ndi amene anamvetsa vutoli kuposa onse omunena. Sanaganize zomanga anthu zingwe. Anaganiza zowapatsa chomwe iye anasowa.

Taonani South Korea. Mu 1966 linali dziko losauka, akatswiri ake ambiri ali ku America. Anakhazikitsa bungwe la kafukufuku wa sayansi lotchedwa KIST, n'kumanga malabotale enieni, n'kupita kukawaitana anthu awo ndi malipiro abwino, nyumba komanso ufulu wochita kafukufuku popanda kusokonezedwa. Anthu anabwerera. Lero dziko limenelo limaika ndalama zoposa 4 peresenti ya chuma chomwe limapanga pa chaka pa kafukufuku. Ife kuno ku Africa atsogoleri athu analonjezana 1 peresenti yokha ku Lagos mu 1980, anadzalonjezananso ku Khartoum mu 2006, ndipo mayiko ambiri mpaka pano sanafikepo pa kamodzi kameneko. Kamodzi pa 100! Zaka zoposa makumi anayi tikulonjeza kamodzi pa 100, kenako tikutembenuka n'kuloza chala mwana amene firiji yake yafa.

Musandiuze kuti ana athu sangathe kugwira ntchito zapamwamba ali kwawo kuno. Mu November 2021 mtundu wa kachilombo ka korona wotchedwa Omicron unadziwika koyamba kudzera mwa asayansi a ku Botswana ndi South Africa. Mmodzi mwa iwo, Sikhulile Moyo, anali mu labotale ku Gaborone, osati ku London. Wasayansi wina, Christian Happi, anachoka ku Harvard n'kukakhazikika pa Redeemer's University ku Ede, dziko la Nigeria, ndipo labotale yake ndiyo inatsimikizira Ebola atalowa m'dzikolo mu 2014, n'kudzakhalanso yoyamba mu Africa muno kuwerenga majini onse a kachilombo ka korona mu March 2020. Anthu amenewa sanamangidwe ndi bondi. Anali ndi makina ogwira ntchito, mankhwala ofika nthawi yake, magetsi osazima pa firiji, ndi ophunzira owathandiza. Pomwe pali zipangizo anthu amakhala, ena amachita kuchoka kutali kudzakhala. Pomwe palibe, amapita. Palibe chinsinsi china apa.

Ndiye lekani kutiimbira nyimbo ya kukonda dziko. Kukonda dziko sikuyendetsa jenereta. Kukonda dziko sikutulutsa katundu wa labotale pachipata cha kasitomu. Mlongo wanga anakonda dziko lino zaka zinayi zathunthu ndi thukuta lake, ndi ndalama za m'thumba mwake, ndi tulo take, dziko linamubwezera madzi ochucha pansi pa firiji. Mako ndi mako, ndavomera. Koma mayi akatuma mwana kumunda amamupatsa khasu. Samutuma chimanjamanja kenako n'kumutukwana kuti ndi waulesi akapita kukalima kwa eni makasu.

Ndipo amene akuvutika si iye. Iye kumene akupitako akamulandira ndi manja awiri, adzamupatsa benchi yake, dzina lake lidzalembedwa pachitseko. Ovutika ndi ophunzira asanu aja amene ankawayang'anira pa digiri yawo yachiwiri, amene tsopano atsala opanda wowatsogolera, ndipo ndikukuuzani, mwa asanuwo ochenjera kwambiri ayamba kale kulemba makalata ofunsira malo kunja. Aona ndi maso awo zomwe zachitikira mphunzitsi wawo. Wovutika ndi wodwala amene adzapatsidwe mankhwala osagwira ntchito chifukwa palibe amene anayeza kuti tizilombo ta kuno tinasiya kumva mankhwala ati. Mukataya wasayansi mmodzi mwataya ndi onse amene akanawaphunzitsa.

China chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Chaka chilichonse pamakhala msonkhano wa masiku atatu ku hotela wokambirana za mmene tingasungire akatswiri athu. Zikwangwani, zikwama zolembedwa mutu wa msonkhano, maalawansi, zithunzi pamasitepe. Ndalama za msonkhano umodzi wotere zingagule dizilo wa jenereta ya labotale kwa nthawi yaitali bwanji? Mlongo wanga sanaitanidweko ngakhale kamodzi, chonsecho nkhani yake ndi ya iye. Oitanidwa ndi omwe aja amene mapepala a mankhwala ake anagona patebulo pawo. Akamaliza amalemba ganyu mlangizi wochokera kunja kuti awalembere lipoti, amamulipira ndalama zakunja, amamugoneka pabwino, ndipo iye amapita kukafunsa mafunso kwa anthu ngati mlongo wanga omwewo, n'kulemba mayankho awo m'Chingerezi chosalala, lipotilo n'kukaliika pa shelefu.

Ndipo ndikudziwa chimene chidzachitike. Pakadzatha zaka zisanu, akadzakhala ndi adiresi ya ku Ulaya pansi pa dzina lake, anthu omwewa adzamutumizira tikiti ya ndege kuti adzawalangize za tizilombo tosamva mankhwala. Adzamuchingamira pabwalo la ndege, adzamutchula kuti mwana wathu wonyaditsa. Munthu yemweyo, mutu womwewo, amene anawapempha dizilo wa jenereta iwo n'kumuuza kuti abwere Lolemba.