Sikelo singadziikire umboni yokha

Sabata yatha pa Lizulu ndinapeza mayi wina akukangana ndi venda wogula soya. "Achimwene, sikelo yanuyi ikuba." Vendayo anakoleka chidebe chake chodzaza: "Onani mayi, makilogalamu 20 ndendende." Mayiwo anafunsa kuti anadziwa bwanji kuti chidebecho ndi cha 20. Akuti anachiyeza pa sikelo yomweyo.

Mu minibasi pobwerera ku Dedza, amene anandizungulira m'mutu ndi René Descartes, Mfalansa uja amene anali katswiri wa maganizo ozama (filosofi). M'buku lake la 1641, Meditations, anayamba ndi kukayika chilichonse. Maso amanama, mwina tikulota, mwina pali chiwanda chimene chikutipusitsa ngakhale pa masamu. Chinatsala chimodzi: ndikuganiza, ndiye kuti ndilipo. Apa sindimutsutsa, chifukwa ngakhale wopusitsidwa ayenera kukhalapo kuti apusitsidwe.

Vuto lili kutsogoloku. Iye akuti chimene maganizo achiona bwinobwino, popanda chimbuuzi, n'choona, poti Mulungu wangwiro sangatipatse nzeru zonama. Nanga zoti Mulunguyo alipo wazidziwa bwanji? Akuti maganizo ake aziona bwinobwino. Sikelo ikuikira umboni chidebe, chidebe chikuikira umboni sikelo. Antoine Arnauld, katswiri wa zaumulungu, anamufunsa zomwezi, ndipo funsolo linasindikizidwa pamodzi ndi bukulo.

Descartes anayankha kuti pamene ukuyang'anitsitsa mfundo, sungayikayike. Mulungu amafunika pokhapokha ukudalira kukumbukira kuti dzulo unaimvetsa. Yankholi ndalitembenuzatembenuza, koma silindikhutiritsa. Umboni wake wa Mulungu uli ndi masitepe angapo, ndiye pofika kumapeto, chiyambi chija wayamba kale kuchikumbukira. Komanso kulephera kukayika chinthu sikutanthauza kuti chinthucho n'choona. Vendanso uja mwina amaikhulupirira sikelo yake ndi mtima wonse.

Musandimve molakwa abale, ine ndimapemphera, ndipo sindikulimbana ndi Mulungu. Chimene ndikukana ndi choti munthu anene kuti watsimikiza zonse ndi nzeru zake, chonsecho nzeruzo ndi zimene zili pa mlandu.

Mayi aja sanataye nthawi. Anatuma mwana kugolosale kukagula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, n'kuiika pa sikelo anthu akuona. Muyeso unachokera kunja. Ndakhala ndikufunafuna kuti paketi yotere ya maganizo athu tingakaigule kuti, poti chilichonse chimene ndingayezere nzeru zanga ndichiyezanso ndi nzeru zomwezo.