Nyimbo ya rock siidulidwa pakati

Loweruka usiku wailesi ina ya FM inandipsetsa mtima, ndipo mpaka pano sunaphwe. Ali ndi pulogalamu ya nyimbo zamakedzana. Anaika Hotel California ya gulu la Eagles, ya mu 1976. Nyimboyi ndi ya mphindi 6 ndi theka. Kuimba kwa pakamwa kumatha itangodutsa mphindi 4, ndipo mphindi ziwiri ndi kanthu zotsalazo ndi magitala a Don Felder ndi Joe Walsh, akulandizana, kenako n'kuyendera limodzi mpaka kuzimirira. Ndiye woimba atangotseka pakamwa, muulutsi anatsitsa nyimbo n'kuyamba kuwerenga moni wa pa WhatsApp. Moni kwa apongozi, moni kwa anyamata a pa siteji, moni kwa amene ali pa ulonda. Atatha moni analowetsa malonda a sopo. Magitala aja sanamvekenso.

Achimwene a pa wailesi, nyimbo ya rock siidulidwa pakati. Ngati mulibe nthawi yake, musaiyambe n'komwe. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mwasankha nokha kuika rock, ndiye mphindi 6, 8 kapena 10 zisakuopseni.

Pamene munadulapo ndi pamene pali mnofu. Oimba rock a m'zaka za m'ma 1970 ankakonza nyimbo ngati mmene amayi amasonkhezera moto: ndime yoyamba imayamba pansipansi, ng'oma zimalowa mochedwa, besi imanka ilemera, ndipo zonsezo zimakankhira ku solo ya gitala, pamene woimba amakhala chete gitala n'kumalira. Womvera wapirira mphindi 4 akudikira pamenepo. Inu n'kubwera ndi moni! Kuli ngati kulanda mbale ya ndiwo munthu atangosamba m'manja.

Chopweteka kwambiri n'chakuti rock ya pa FM inabadwa pokana khalidwe lomweli. Ku America m'zaka za m'ma 1960, wailesi za AM zinkazunguliza nyimbo 40 zomwezo tsiku lonse, zambiri za mphindi zitatu kapena kucheperapo, za pa timbale ting'onoting'ono ta 45 (tozungulira ka 45 pa mphindi), muulutsi akukuwa pamwamba pake. Light My Fire ya gulu la The Doors, pa chimbale chachikulu cha 1967, ndi ya mphindi 7. Kuti ilowe pa AM anaifupikitsa kufika mphindi zosakwana 3, ndipo chimene chinatayidwa ndi solo ya organ ya Ray Manzarek ndi ya gitala ya Robby Krieger. Nthawi yomweyo bungwe loyang'anira mawailesi la FCC linali litalamula kuti kuyambira 1967, m'mizinda ya anthu oposa 100,000, mwini wailesi asamangobwereza pa FM zomwe akuulutsa pa AM kuposa theka la nthawi. Eni mawailesi anatsala ndi maola opanda chowulutsa, n'kuwasiyira anyamata odziwa zimbale. Muulutsi Tom Donahue anayamba pa wailesi ya KMPX ku San Francisco chaka chomwecho, WNEW-FM ya ku New York nayo inalowa, WBCN ya ku Boston inatsatira mu 1968. Ankatenga nyimbo pa chimbale chachikulu, kuiika yonse, kulumikizapo yachiwiri ndi yachitatu osalankhula, kenako n'kunena mofatsa kuti mwamva ndani, chimbale chiti. Stairway to Heaven ya Led Zeppelin, ya mu 1971, ndi ya mphindi 8, ndipo panthawiyo sinagulitsidwe pa kambale ka 45 ku America ngakhale ku Britain. Anthu anaidziwira pa chimbale ndi pa FM, yathunthu. Ku Britain, Tommy Vance ankayendetsa Friday Rock Show kuyambira 1978, maola awiri usiku wa Lachisanu, BBC Radio 1 itabwereka mafunde a FM a Radio 2 kuti magitala amveke bwino. Anthu ankachita kubwereka mafunde pofuna kuti solo imveke, inu mafunde muli nawo anuanu n'kumawerengapo moni.

Ndipo FM inapangidwira zimenezi. Imanyamula mawu mpaka 15 kHz (nambalayi ikakula, ndiye kuti mawu osongoka kwambiri akudutsa), pamene wailesi wamba ya AM imathera cha pa 5 kHz kapena pansi. Ndiye kuti kunyezimira kwa nsambo za gitala ndi kusekerera kwa zitsulo za pa ng'oma, zomwe AM inkameza, FM inkafikitsa m'khutu, ndipo kuyambira 1961 inkafikitsa mu stereo, gitala wina kumanzere, wina kumanja. Njira yabwino chonchi mukuigwiritsa ntchito yodutsitsa nyimbo yoduka mchira.

Musanene kuti nthawi inakutherani. Nthawi imawerengedwa chobwerera. Nkhani zikayamba 9 koloko yeniyeni ndipo nyimbo ndi ya mphindi 6 ndi masekondi 30, iyambe pa 8:53, zotsalazo ndi zanu zotchulira dzina ndi kutsanzika. Mwapezeka pa 8:56? Itayeni pambali, tengani ya mphindi zitatu, zilipo zambirimbiri. Pa ola limodzi, nkhani, malonda ndi kulankhula zikadya mphindi 15, mwatsala ndi 45. Nyimbo za mphindi 5 zikwana 9. Mukaikamo ziwiri za mphindi 8, zotsalazo ndi mphindi 29, nyimbo 5 kapena 6. Lembani zimenezi papepala musanalowe mu situdiyo, ndipo pambali pa nyimbo iliyonse mulembe zinthu zitatu: utali wake, masekondi amene amadutsa woimba asanayambe, ndi mathero ake, ngati imazimirira pang'onopang'ono kapena imathera phaa. Ngati n'kulankhula, lankhulani pa masekondi oyambirirawo, mutseke pakamwa woimba asanatsegule pake. Yozimirira muisiye mpaka singano ya mita itagweratu. Yothera phaa muipatse sekondi imodzi ya chete. Moni uli ndi malo ake, pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Apongozi sathawa.

Akale ankachita zimenezi ndi manja, opanda kompyuta. Ankatsitsa singano pa mzere wosalala wa pakati pa nyimbo, kuzunguliza chimbale ndi chala mpaka atamva mawu oyamba m'mahedifoni, kuchibweza pang'ono, n'kuchigwira m'mbali mbale ya pansi ikuzungulira ka 33 pa mphindi, kudikira kuti ina ithe. Mbali imodzi ya chimbale inali ya mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo usiku ena ankaiika yonse. Lero kompyuta ikukuonetsani masekondi otsala ndi manambala akuluakulu, koma mukudulabe.

Kumbukiraninso amene anali mbali inayi ya wailesi. Anthu ankakhala ndi kaseti ya C90, mphindi 45 mbali iliyonse, atadina Record ndi Play pamodzi, chala chili pa Pause. Ankayamba azunguliza tepi ndi cholembera kuti kachigawo koyera koyambirira kadutse, poti sikajambula kanthu. Ankakoka eliyo mpaka itakwana masentimita pafupifupi 75, kuitembenuza mpaka kanyali ka stereo katayaka osaphethira. Mabatire atsopano, chifukwa akafooka tepi imayenda pang'onopang'ono pojambula, ndipo ukadzaiseweretsa ndi mphamvu yokwanira woimba amamveka ngati kamwana. Ntchito yonseyi inkadalira chinthu chimodzi, kuti muulutsi akhala chete mpaka nyimbo ithe. Akalankhula pa solo, kasetiyo yawonongeka, ndipo nyimboyo mwina idzabweranso patapita milungu. N'chifukwa chake muulutsi wodziletsa ankalemekezedwa. Chete wake ndiye unali luso lake.

Ndikudziwa, otsatsa malonda amafuna malo ndipo ndandanda imakonzedwa ndi kompyuta. Zimenezo n'zanu za mu ofesi. Womvera anatchera kuti amve nyimbo, yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Theka la nyimbo si nyimbo. Pulogalamu ya nyimbo zakale yomwe imadula nyimbo zakale ikunamiza anthu, ndipo achinyamata amene akuzimva koyamba akuganiza kuti zinkathera pomwepo.

Ndiye pali za kamvekedwe, poti nazonso zafika posauzana. Makina ofinya mawu asanapite ku mlongoti analipo kale, Optimod ya Bob Orban inatuluka m'ma 1970, ndipo ntchito yake ndi kuteteza kuti wailesi isadumphe malire a 75 kHz amene FM imaloledwa kugwedezeka. Koma inu mwawapotokola mpaka kumapeto pofuna kumveka mokweza kuposa anzanu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Chotsatira chake, ndime yoyamba ya pansipansi ija ikumveka mofanana ndi pachimake, ng'oma zikalowa palibe chosintha, zitsulo zikungoti shwee ngati mafuta pa chiwaya. Zikuipiraipira chifukwa chimene mukulowetsa m'makinawo ndi MP3 ya 128 kbps yokopera pa YouTube, yomwe inataya kale zambiri, ndipo makina ofinya amakuza zilema zomwezo. Pezani CD, muikopere mu WAV kapena FLAC, mafayilo osataya kanthu. Ndipo yang'anani waya wochoka pa laputopu kupita pa mikisa. Pulagi ya stereo ikalowa pa khomo la mono imapititsa mbali imodzi yokha, kapena kusemphanitsa mbali ziwirizo mpaka mawu a pakati kuzimirira. Zimbale zambiri za kumapeto kwa m'ma 1960 zinkaika gitala mbali imodzi yokha, ndiye mbali imeneyo ikasowa, gitala yense wapita. Pakufunika mawaya awiri, wa kumanzere ndi wa kumanja, aliyense pa khomo lake. Waya wotere sadula n'komwe, koma mwezi ndi mwezi palibe amene akuweramira kuseri kwa mikisa kuti aone.