Ndege zolondola matalala: kusiyana kwa North Dakota ndi Alberta kwa woyamba kumene ntchito

Wophunzira kuyendetsa ndege aliyense amauzidwa kuti mtambo wa mabingu ndi wouthawa. Ku America, bungwe loona za maulendo a pandege la FAA limalangiza kuti mtambo woopsa aziulambalala pa mtunda wa mamailosi 20. Koma Juni akangofika, m'madambo a tirigu a North Dakota ku America ndi m'chigawo cha Alberta ku Canada mumapezeka anyamata ndi atsikana amene amalipidwa kuti aulondole mtambo womwewo, aulukire m'mphepete mwake ndi kuuthira mankhwala kuti matalala ake asakule. Kampani imene yakhala ikuulutsa ndegezi mbali zonse ziwiri ndi imodzi, Weather Modification International ya mumzinda wa Fargo ku North Dakota. Mankhwalanso ndi amodzi. Chosiyana ndi amene akulipira, ndipo ine ndikuona kuti ndiye amene amapanga moyo wa woyendetsa ndege wachinyamatayo.

Tiyambe ndi ntchitoyo. Pamwamba pa mtambo wa mabingu pali madzi ozizira kwambiri, opitirira pamene madzi amaundana, koma asanaundane chifukwa akusowa kanthu koti agwirepo. Timibulu tochepa ta ayezi tikapezeka m'menemo timameza madzi onsewo n'kusanduka matalala aakulu. Ndege imawazamo silver iodide, mankhwala amene Bernard Vonnegut anapeza cha m'ma 1946 kuti amaundanitsa madzi otere, kuti timibulu tichuluke. Zili ngati mbale imodzi ya nsima itazunguliridwa ndi ana ambiri: palibe amene angatuluke mimba. Matalala ang'onoang'ono amasungunuka asanafike pansi, kapena amagwa opanda mphamvu. Ndege zina zimauluka kunsi kwa mtambo, kutsogolo kwake kumene mphepo ikukwera, zikuyatsa timiyuni ta mankhwala tomangirira kumapiko kuti utsi ukokedwe m'mwamba. Zina zimakwera n'kumadutsa m'nsonga za timitambo tongophuka kumene m'mbali mwa mtambo waukulu, pamene kuzizira kwafika cha m'ma digiri 10 pansi pa ziro, zikugwetsa timiyuni kapena ayezi wouma (mpweya wa carbon dioxide woundana). Pakati penipeni pa mtambo salowamo. Katswiri wa zanyengo amakhala pansi pa radar n'kumawauza pa wailesi kumene apite.

Ku North Dakota ntchitoyi ndi ya alimi. Maboma ena a kumadzulo kwa chigawochi akhala akusonkha msonkho, boma la chigawo n'kumawonjezerapo, ndipo kwa zaka zambiri nthambi yake ya Atmospheric Resource Board ndiyo inkayendetsa zonse kuyambira pa 1 Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Chomwe akuteteza ndi tirigu, balere ndi mpendadzuwa, komanso amafuna mvula iwonjezereke pang'ono. Chinthu chimene anachita mwanzeru ndi ichi: kuyambira m'ma 1970 anagwirizana ndi University of North Dakota ya ku Grand Forks, imodzi mwa sukulu zikuluzikulu zophunzitsa kuyendetsa ndege ku America, kuti mpando wa kumanja m'ndegezi, umene ndi wa wothandizira woyendetsa, ukhale wa wophunzira. Wophunzirayo amayamba wachita phunziro la kusintha nyengo ku yunivesiteko, kenako amatumizidwa ku kabwalo ka ndege ka kumudzi ngati ku Bowman miyezi itatu. Amalemba nthawi ndi malo pamene mankhwala ayatsidwa, amathandiza kusakaniza mankhwala ndi kukonzekeretsa ndege, ndipo amagwirako chiwongolero cha ndege ya injini ziwiri ngati Piper Seneca. Ambiri mwa amene amadzakhala pampando wa kumanzere, wa woyendetsa wamkulu, anayambira pomwepo.

Chifukwa chake mpandowu uli wamtengo wapatali chimachokera ku ngozi ya ndege ya kampani ya Colgan Air imene inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo mu 2009. Ngoziyo itachitika, aphungu a ku America anakhazikitsa lamulo, ndipo kuyambira 2013 munthu sangakhale ngakhale wothandizira m'ndege zonyamula anthu za makampani akuluakulu asanakwanitse maola 1,500 ali m'mwamba, kapena 1,000 ngati ali ndi digiri ya zandege ya zaka zinayi. Chonsecho laisensi yogwirira ntchito amaipeza ali ndi maola 250 kapena kucheperapo. Mpata umenewo aliyense amaudzaza mmene angathere: ambiri amaphunzitsa anzawo, ena amakoka nsalu za malonda m'mbali mwa nyanja, ena amanyamula anthu odumpha ndi parachuti. Maola amenewo ambiri ndi a kandege ka injini imodzi, kunja kuli ngwee. Wa matalala amapeza maola a injini ziwiri, usiku, m'mphepo yogwedeza ndege, ayezi akumata kumapiko. Ndi maola ochepa, inde, chifukwa masiku ambiri amangokhala pabwalo kudikira mtambo umene subwera, koma ola limodzi loterolo limaphunzitsa zimene maola makumi ozungulira bwalo sangaphunzitse.

Tsopano tiwoloke malire. Ku Alberta boma linachitapo kafukufuku wa matalala kwa zaka zambiri n'kumusiya chapakati pa zaka za m'ma 1980. Amene anadzutsa nkhaniyi ndi makampani a inshuwalansi. Mu Seputembala 1991 matalala anagwa mumzinda wa Calgary ndipo makampaniwo analipira madola a ku Canada oposa 300 miliyoni pa madenga ndi magalimoto. Anasonkhana, n'kupanga bungwe la Alberta Severe Weather Management Society, ndipo kuyambira 1996 akhala akulipira okha ndege zisanu kapena kucheperapo, kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala. Radar ili pa bwalo la Olds-Didsbury, ndege zimanyamukira ku Springbank pafupi ndi Calgary ndi ku Red Deer, ndipo pa wailesi zimadziwika ndi dzina lakuti Hailstop. Mtambo ukamalunjika kumunda wopanda tauni, nthawi zambiri amangouyang'ana. Ukatembenukira ku Calgary, ndege zimanyamuka. Mlimi wa ku North Dakota atamva zimenezi angagwire pakamwa.

Kwa woyendetsa ndege, kusiyanaku n'kwakukulu. Mitambo ya ku Alberta imabadwira m'tsinde mwa mapiri a Rocky n'kuthamangira kum'mawa, ndipo dera limeneli ndi limodzi mwa madera ogwa matalala kwambiri ku North America. Ukuuluka pafupi ndi mapiri, pafupi ndi bwalo lalikulu la ndege la Calgary, ukupempha njira kwa oongolera ndege amene alinso kalikiliki kulambalalitsa ndege za anthu mazana pa mtambo womwe iwe ukuufuna. Wolipirayo sakulipirira sukulu. Akufuna kuti mtambo ufikiridwe usanafike pamadenga. Komanso wachinyamata wa ku Canada alibe khoma la maola 1,500 loti alikwere asanakhale wothandizira: laisensi amaipeza pa maola 200, ndipo akalemba mayeso ena angathe kukhala kumanja m'ndege yaikulu ali ndi maola 250. Njira yodziwika kumeneko ndi kupita kumpoto, kuyamba ndi kunyamula katundu pabwalo, kenako n'kupatsidwa kandege kotera panyanja kapena pamsewu wa miyala. Motero kwa iye ntchito ya matalala ndi imodzi mwa njira zambiri, pamene kwa mnzake wa ku Grand Forks ndi khomo limene boma linamutsegulira dala.

Ndikanakhala ndikulangiza mwana wa mlongo wanga amene wangotenga laisensi, ndikanamuloza ku North Dakota. Koma njira imeneyi ili ndi chilema chake: ntchito yolipiridwa ndi msonkho imathetsedwa ndi voti. Alimi ena akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ndegezi zimathamangitsa mvula, kuti akangomva injini mtambo umabalalika. Mu 2020 anthu a m'boma la Ward, kumene kuli mzinda wa Minot, anavota kuti atuluke m'ntchitoyi, ndipo dera lothiridwa mankhwala lakhala likuchepa. Dera likachepa, ndege zimachepa, mipando ya ophunzira nayo imachepa. Kwina ku America zafika poipa: Tennessee mu 2024 ndi Florida mu 2025 anakhazikitsa malamulo oletsa kusintha nyengo. Ku Alberta kulibe voti ya mtundu umenewu. Bola eni inshuwalansi aziona kuti ndalama ya ndege ndi yochepa poyerekeza ndi ya denga, ndege ziuluka.

Nanga zimathandizadi? Apa mbali zonse ziwiri zili pa bwato limodzi. A ku North Dakota amatchula kafukufuku amene anapeza kuti kuonongeka kwa mbewu ndi matalala kunatsika ndi 45 peresenti m'maboma othiridwa. Bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO limati umboni wa kuchepetsa matalala sunakhutiritse asayansi, chifukwa palibe angaonetse chimene mtambo ukanachita ukanasiyidwa. Calgary, ndi ndege zake zonse, inagwedwa matalala pa 13 Juni 2020 amene anaononga katundu woposa madola 1 biliyoni, ndipo a pa 5 Ogasiti 2024 anafika pafupifupi 3 biliyoni, n'kuononganso ndege 16 za kampani ya WestJet zili pabwalo. Otsutsa amati umenewu ndi umboni wakuti n'kutaya ndalama. Eni inshuwalansi amayankha kuti ngakhale matalala atachepa pang'ono chabe pa mtambo umodzi woterowo, ndalama ya zaka zambiri yabwerera, ndipo akhala akupitiriza kulipira.