Inu ogulitsa "zokweza chitetezo", siyani makanda

Ana anga, khalidwe ili landinyansa ndipo sindikhala chete. Munthu wangowerenga mutu wa nkhani pa Facebook woti madokotala akuchiza SCID, basi waimwaza pa WhatsApp, m'munsi mwake n'kuikamo chithunzi cha botolo lake la zitsamba, ati zimakweza chitetezo cha m'thupi. Manyazi mulibe?

SCID ndi matenda obadwa nawo, osowa kwambiri: ku America amapezeka mwa khanda limodzi pa makanda pafupifupi 58,000. Mwana amabadwa wooneka bwinobwino, koma asilikali a m'thupi otchedwa T cells alibe. Miyezi ingapo, mkamwa mwayera zilonda zosamva mankhwala, m'mimba mukungotseguka, chibayo chikapita n'kubweranso, kusikelo osakwera. Nanga inu mukweza bwanji chinthu chimene mulibe n'komwe?

David Vetter wa ku Texas, yemwe anabadwa ndi SCID, anakhala moyo wake m'chihema cha pulasitiki chomuteteza ku tizilombo, mayi ake akumugwira kudzera m'magolovesi omatidwa kukhoma la chihemacho, mpaka anamwalira mu 1984 ali ndi zaka 12. Ku Paris ndi ku London, mwa ana 20 a SCID amene madokotala anayesa kuwachiza powakonza majini, osachepera 5 anadwala khansa ya m'magazi, mmodzi n'kumwalira. Ofufuza anaima, anabwerera m'mbuyo, anasintha kachilombo kamene amanyamulira jini yabwino kuilowetsa m'thupi la mwana. Mu 2021 m'pamene madokotala a ku Los Angeles ndi London analengeza kuti mwa ana 50 a mtundu wa ADA-SCID amene anawakonza majini m'njira yatsopanoyi, 48 chitetezo chawo chinabwerera. Anthu akhetsa misozi zaka zoposa 30 kuti afike apa, inu n'kumati botolo lanu lithana nazo pa sabata imodzi!

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti matendawa sadikira. Khanda likaikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina lisanakwane miyezi itatu ndi theka, mwayi wopulumuka umaposa 90 pa 100. Masiku amene mayi akumwetsa mwana zitsamba zanuzo ndi omwewo akanakhala kuchipatala.

Makolo, ngati m'banja mwanu makanda akhala akumwalira ndi matenda osatherapo, makamaka aamuna a kuchikazi, uzani adokotala mudakali oyembekezera, mwana asanabayidwe katemera wa TB wa BCG. Katemerayu amateteza ana athu ambiri, koma kwa khanda la SCID ndi woopsa. Ndipo inu alendo okaona mwana, ngati muli ndi chifuwa khalani kwanu. Muimbe foni basi.